Nzeru za munthu ndi mayeso a IQ: mafunso ndi mayankho

Masiku ano pa foni pamayenda timayeso tolonjeza kukuuzani kuchuluka kwa nzeru zanu, pa nambala yotchedwa IQ, m'mphindi zisanu zokha. Pamayendanso mapu opakidwa mitundu, osonyeza kuti dziko lakuti ndi la anthu akuthwa mitu, lakuti ndi la anthu ogona. Makolo, aphunzitsi ndi achinyamata akaona zimenezi amakhala ndi mafunso, ndipo amene amabwerabwera ndi awa.

Kodi nzeru n'chiyani kwenikweni?

Akatswiri ofufuza za maganizo a munthu mpaka lero sanamange chimodzi pa funso limeneli, komabe ambiri amagwirizana pa izi: nzeru ndi kutha kuphunzira pa zimene wakumana nazo, kuganiza motsata ndondomeko, kupeza njira pa vuto limene sunalionepo, ndi kusintha kachitidwe zinthu zikasintha. Kuloweza kokha sikukwanira. Mwana akhoza kulakatula masamu ochulukitsa mpaka 12, koma atatumidwa kumsika osadziwa chenji chimene ayenera kubwera nacho.

Mu 1904, Mngelezi wina dzina lake Charles Spearman anaona kuti ana amene amakhoza bwino phunziro limodzi kawirikawiri amakhozanso maphunziro ena, ngakhale osafanana konse. Anaganiza kuti pansi pa maluso onsewa pali mphamvu imodzi ya kaganizidwe, ndipo anaitcha g. Pambuyo pake Raymond Cattell anasiyanitsa nzeru ziwiri. Ina ndi yomasula vuto lachilendo pompopompo, ina ndi yochokera pa zimene munthu wakundika m'moyo wake, monga mawu, chidziwitso ndi luso la ntchito. Yoyambayo imafika pachimake munthu ali m'zaka za m'ma 20, kenako n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, pamene yachiwiriyo imakulabe mpaka kuukalamba. Howard Gardner mu 1983 ananena kuti nzeru zilipo zamitundumitundu, kuphatikizapo za nyimbo, za thupi ndi zokhalira bwino ndi anthu. Aphunzitsi ambiri amawakonda maganizo akewo, ngakhale ofufuza ochuluka amati umboni wake ndi wochepa.

Nkhaniyi inafufuzidwanso pakati pathu. M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell, amene anadzakhala mkulu wa University of Zambia, ankacheza ndi akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete n'kumawafunsa kuti pa ana a m'mudzimo angasankhe uti pa ntchito yakutiyakuti, ndipo chifukwa chiyani. Anapeza kuti kwa akuluakuluwo mwana wanzeru ali ndi mbali ziwiri: ndi wochenjera, komanso ndi wotumikira, woti ukamutuma sukhala ndi nkhawa. Wongochenjera chabe, wosasamala za anzake, sankamuwerengera. Mayeso a IQ amakhudza mbali yoyambayo yokha.

Mayeso a IQ anayamba bwanji?

Anayambira ku France. Boma la kumeneko litalamula kuti mwana aliyense azipita kusukulu, panafunika njira yodziwira ana ofunika thandizo lapadera. Mu 1905 Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mafunso oyamba ophweka n'kumanka navuta, potsata zimene ana ambiri a msinkhu uliwonse amatha. Mwana wazaka 8 akamatha mafunso a ana azaka 10, ankati nzeru zake zili pa zaka 10. Mu 1912 William Stern wa ku Germany anati zaka za nzeruzo azizigawa ndi zaka zobadwa, ndipo mu 1916 Lewis Terman wa ku Stanford ku America anafalitsa mayesowo atawakonzanso, yankho lija akulichulukitsa ndi 100. Motero mwana uja IQ yake inkakhala 125.

Binet mwiniwake anakana zoti nambala ya mwana ndi chidindo cha moyo wonse. Ankakhulupirira kuti mwana wotsalira akhoza kukwezedwa. Koma mayesowo atawoloka nyanja anagwa m'manja mwa anthu a maganizo ena. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America oposa 1.7 miliyoni anayesedwa, ena mwa iwo obwera kumene osamva bwino Chingerezi, ndipo zotsatira zake zinakhala chida chonyozera anthu akuda ndi ochokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya. Carl Brigham, amene anafalitsa zimenezi mu 1923, anadzazikana yekha mu 1930. M'dziko lomwelo anthu oposa 60,000 anatsekedwa mokakamiza kuti asabereke, ambiri atatchedwa operewera nzeru. Munthu akamakayikira IQ chifukwa cha mbiri imeneyi, kukayika kwakeko kuli ndi pogwira.

Nambala ya IQ imatanthauza chiyani?

Masiku ano sagawanso zaka. Njira imene David Wechsler anabweretsa mu 1939 ndi yoyerekeza munthu ndi anzake a msinkhu umodzi. Opanga mayeso amayamba ayesa gulu lalikulu la anthu oimira dziko lawo, n'kuika pakatikati pa onsewo pa 100. Pafupifupi anthu 68 pa 100 alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115, ndipo pafupifupi 95 pa 100 amakhala pakati pa 70 ndi 130. Opitirira 130 ndi awiri okha pa 100, otsika kuposa 70 nawonso chimodzimodzi.

Choncho IQ siwerenga kuchuluka kwa nzeru zimene zili m'mutu. Imangonena pamene munthu waima pamzere wa gulu limene akumuyerekeza nalo, ndipo gululo likasintha nambala imasinthanso. Komanso munthu yemweyo akayesedwa kawiri, manambala ake amatha kusiyana ndi mapointi asanu kapena kuposerapo. Wopeza 108 alibe chonyadira pa wopeza 104.

Amafunsa zotani?

Mayeso enieni, monga a Wechsler, amatenga ola limodzi kapena awiri, woyesa ndi woyesedwa atakhala awiriwiri. Muli kufotokoza matanthauzo a mawu, kunena kufanana kwa zinthu ziwiri, kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo, kusanja timabokosi tamitundu kuti tifanane ndi chithunzi, ndi kulemba zizindikiro mothamanga nthawi ikuwerengedwa. Palinso mayeso a John Raven, a mu 1938, amene alibe mawu. Umaona zojambula zosanjidwa mwadongosolo, chimodzi chikusowa, iwe n'kusankha choyenera kulowa pamenepo.

Kodi mayeso opangidwa ku Ulaya angayese molondola mwana wa ku Ntchisi kapena ku Angónia?

Ayi, pokhapokha atakonzedwanso ndi kuyesedwa kaye pa ana a kuno. Serpell yemwe uja anasonyeza zimenezi mu 1979 pa kafukufuku wosavuta kumva. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito imodzi, yotengera maonekedwe a chinthu chimene aonetsedwa. Atawapatsa pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Atawapatsa waya, a ku Zambia, ozolowera kupinda magalimoto amawaya, ndiwo anapambana. Pa zoumba anafanana. Luso lofunika linali limodzi, chinasintha ndi chogwirira ntchito. Kuchokera pamenepo ku Zambia kunapangidwa mayeso otchedwa Panga Munthu, amene mwana amaumba munthu ndipo woyesa amaona ziwalo zimene waikapo.

Ngakhale mayeso opanda mawu aja amafuna chizolowezi cha kusukulu: kutsata zinthu kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuona dongosolo m'mizere ndi m'mabokosi, kuyankha mlendo mwachangu, kungolosera pamene sukudziwa. Mwana woleredwa kuti asamayang'ane wamkulu m'maso ndiponso asamayankhe asanatsimikize akhoza kungoti duu, maso pansi, woyesa n'kulemba ziro. Alexander Luria wa ku Russia anakumana nazo mu 1931 pakati pa alimi osapita kusukulu ku Uzbekistan. Anawauza kuti kumpoto kwenikweni, kozizira koopsa, zimbalangondo zonse n'zoyera, n'kuwafunsa mtundu wa zimbalangondo za pamalo ena a kumpotoko. Iwo anayankha kuti sanafikeko, ndipo munthu amanena zimene waona. Pa mayeso, yankho limenelo ndi lolakwa. Pabwalo la milandu kwa amfumu, ameneyo ndiye mboni yodalirika.

N'chifukwa chake madokotala ndi ofufuza ku Malawi anapanga chida chawochawo choonera kakulidwe ka ana aang'ono, Malawi Developmental Assessment Tool, chimene chinafalitsidwa mu 2010. Chimagwiritsa ntchito zinthu ndi zochita zimene mwana wa kumudzi amazidziwa, ndipo lero chikugwira ntchito m'mayiko ena ambiri.

Nzeru n'zakumtundu?

Mbali ina inde, ndipo kukana zimenezi n'kudzinamiza. Mapasa ofanana ndendende amakhala ndi IQ yoyandikana kwambiri kuposa mapasa osafanana, ndipo kafukufuku wa Thomas Bouchard ku Minnesota, amene anayamba mu 1979, anapeza kuti amayandikanabe ngakhale ataleredwa m'mabanja osiyana. M'mayiko olemera, pafupifupi theka la kusiyana kwa IQ pakati pa anthu limayenderana ndi zotengera kwa makolo. Gawoli limakhala locheperapo paubwana n'kumakula munthu akamakula. Palibe jini imodzi ya nzeru (jini ndi kachidutswa ka malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kwa makolo). Alipo masauzande, iliyonse ikuthandizapo pang'ono zedi.

Koma mawu akuti theka asakusocheretseni. Sakutanthauza kuti theka la nzeru za mwana wanu linachokera m'magazi, theka n'kuchokera kusukulu. Akunena za kusiyana kwa pakati pa anthu a gulu limodzi, pa nthawi imodzi, okhala m'moyo wofananako. Tapani mbewu ya chimanga yosakanikirana m'thumba limodzi. Ina mubzale pa nthaka yothira manyowa, ina pamchenga pouma. M'munda uliwonse mapesi adzasiyana kutalika chifukwa cha mbewu. Koma kusiyana kwa minda iwiriyo, wina wobiriwira wina wofiirira, sikunachokere m'thumba ayi, kwachokera ku nthaka.

Ana oleredwa ndi mabanja ena amachitira umboni zimenezi. Ku France, kafukufuku wa mu 1999 anatsata ana amene anali ndi IQ yotsika ndipo anatengedwa ali ndi zaka 4 mpaka 6. Pofika paunyamata magulu onse anali atakwera. Opita m'mabanja osauka anakwera ndi mapointi pafupifupi 8, opita m'mabanja ochita bwino ndi pafupifupi 19.

Kodi sukulu imawonjezera IQ, kapena anzeru kale ndiwo amakhalitsa pasukulu?

Zonse ziwiri zimachitika, koma umboni woti sukulu payokha imakweza IQ ndi wamphamvu. M'zaka za m'ma 1960 dziko la Norway linawonjezera zaka zokakamiza za sukulu kuchoka pa 7 kufika pa 9, ndipo madera ake sanayambe lamulolo nthawi imodzi. Izi zinapatsa ofufuza mpata woyerekeza anyamata ofanana amene ena anaphunzira zaka zambiri chifukwa cha lamulo lokha basi. Poyesedwa polowa usilikali, chaka chilichonse chowonjezera chinabweretsa mapointi pafupifupi 3.7. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi Elliot Tucker-Drob anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 600,000 n'kupeza kuti chaka chimodzi cha sukulu chimawonjezera pakati pa pointi imodzi ndi mapointi asanu.

Tsono taganizani za mwana amene wayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 9, amajomba nyengo yonse ya ganyu, ndipo akabwera amakhala pansi kumbuyo kwa anzake oposa 100. Akalemba mayeso a Sitandade 8 m'Chingerezi, chilankhulo chimene sachimva kwina kulikonse kupatula m'kalasi, n'kulephera, timati mutu wake sugwira. Chimene tayesa pamenepo ndi zaka za maphunziro zimene sanalandire. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha fizi pa njala ya 2002, koma anapanga makina amphepo opangira magetsi atawerenga mabuku a mulaibulale. Ana otere alipo ambiri amene laibulale sanaione.

N'zoona kuti anthu akunka nachenjera mibadwo ikamapita?

Pa mayeso a IQ, inde. James Flynn wa ku New Zealand anaona kuti m'zaka za m'ma 1900 manambala ankakwera ndi mapointi pafupifupi atatu pa zaka 10 zilizonse, moti opanga mayeso amayenera kumawakonzanso kuti pakatikati pabwerere pa 100. Ku Netherlands anyamata olowa usilikali anakwera ndi mapointi pafupifupi 20 pakati pa 1952 ndi 1982. Ku Embu, kumidzi ya ku Kenya, ana oyesedwa mu 1998 anaposa kutali oyesedwa mu 1984, pa zaka 14 zokha, ndipo ofufuza anaona kuti m'zakazo chakudya chinali chitawonjezeka, mabanja atachepa kukula, amayi ambiri ataphunzira kuwerenga.

Magazi a mtundu wa anthu sasintha pa zaka 14 kapena 30. Chimasintha ndi moyo. Agogo a anyamata a ku Netherlands aja sanali mbuli, kungoti dziko lawo silinkawafunsa mafunso a mtundu umenewo tsiku ndi tsiku. M'mayiko ena, monga Norway, kukwerako kunaima ndipo kwayamba kutsika pang'ono, ndipo kutsikako kukuoneka ngakhale pakati pa ana a bambo ndi mayi mmodzi, kusonyeza kuti nakonso n'kochokera ku moyo umene anthu akukhala.

Chakudya ndi matenda zimakhudza bwanji nzeru za mwana?

Apa ndiye pamene pagona nkhani kwa ife. Ubongo umakula mothamanga kuyambira mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, nyengo imene azaumoyo amaitcha masiku 1,000 oyambirira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Malawi ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa ku Zambia wa 2018 anapeza 35 pa 100. Kupinimbira si kufupika kokha. Mwana amene thupi lake lasowa zomangira, ubongo wakenso wasowa, ndipo ana otere kawirikawiri amayamba sukulu mochedwa n'kumavutika m'kalasi. Mwana akhoza kukhuta phala la mgaiwa tsiku lililonse koma n'kupinimbirabe, ngati m'phalamo mulibe nsinjiro, soya, usipa wosinja, dzira kapena masamba.

Ku Guatemala, pakati pa 1969 ndi 1977, midzi ina inkalandira phala lokhala ndi zomanga thupi pamene ina inkalandira chakumwa chotsekemera. Atakula, amene anamwa phalalo ali aang'ono ankawerenga bwino ndipo ankakhoza bwino mayeso a Raven.

Ayodini ndi kanthu kochepa kofunika kwambiri. Mayi woyembekezera akamusowa, ubongo wa mwana sukula bwino, ndipo bungwe la World Health Organization limati kusowa kwa ayodini ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zopeweka zowonongera ubongo wa ana padziko lapansi. M'madera osowa kwambiri ayodini, kumene anthu ambiri amatupa chithokomiro, IQ imatsika ndi mapointi oposa 10 poyerekeza ndi madera ofanana nawo okhala naye. Mankhwala ake ndi mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, wosungidwa m'chotengera chovundikira, kutali ndi moto ndi chinyezi. Kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo nazonso zimafooketsa mwana mpaka kumangosinza m'kalasi.

Malungo a muubongo timawadziwa bwino. Muyeso umene madokotala padziko lonse amaonera kukomoka kwa mwana wodwala malungo amenewa unapangidwira ku Queen Elizabeth Central Hospital kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo umatchedwa dzina la mzinda wa Blantyre. Mwana akatsitsimuka banja limasangalala, ndipo mpake. Koma ku Uganda anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ana anayi alionse opulumuka anali akuvutikabe kutchera khutu kapena kukumbukira zinthu patapita zaka ziwiri. Neti yoteteza udzudzu, kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha, ndi katemera wa malungo amene Malawi anali dziko loyamba kuyamba kupereka mu 2019, zonsezi zimatetezanso nzeru.

Mowa pa nthawi ya pakati umawononga ubongo wa mwana mosabwezeka, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo.

Chinanso chimene sichigulidwa ndi ndalama ndi kucheza ndi mwana. Ku Kingston ku Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, alangizi a zaumoyo ankayendera ana opinimbira mlungu uliwonse kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kulankhula nawo pogwiritsa ntchito zidole zopangira pakhomo. Patapita zaka 20, anawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo osayenderedwa ndi pafupifupi 25 pa 100. Nthano za madzulo, ndagi, kuimba, kuyankha mwana akafunsa m'malo momukalipira kuti akusokosa, zonsezi ndi chakudya cha ubongo.

Nanga mtovu umalowa bwanji m'nkhaniyi?

Mtovu ndi poizoni wa ubongo wa mwana, ndipo palibe mlingo wake umene uli wabwino m'magazi. Mwana amene waumeza saoneka wodwala, amangokhala wosachedwa kuiwala ndi wosakhazikika. Ku Kabwe ku Zambia, mgodi wa mtovu unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka 1994, ndipo mpaka lero ana ambiri a m'makomboni oyandikira amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi limene amaseweramo. Petulo wa galimoto wokhala ndi mtovu anatheratu padziko lonse mu 2021, koma mtovu ukadalipo mu penti wina wamafuta, m'mabatire akale a galimoto ndi a sola amene anthu amaswa pakhomo, ndi m'miphika ina yosungunula kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Batire lakufa lisakhale pamene ana amakwawa.

Mapu aja osonyeza kuti mayiko a mu Africa ali ndi IQ ya 60 kapena 70 ndi oona?

Ayi. Ambiri mwa mapu amenewo amachokera pa manambala amene anasonkhanitsa Richard Lynn wa ku Britain, ndipo ofufuza anzake anawafukula n'kupeza zodabwitsa. Mayiko ena nambala yake inachokera pa kagulu kochepa ka ana osaimira dziko lonse. Ena analibe kafukufuku aliyense, anangowalosera potengera mayiko oyandikana nawo. Nambala ya 59 imene anapatsa Equatorial Guinea inapezeka kuti inachokera pa ana a pamalo osamalira olumala ubongo ku Spain. Jelte Wicherts wa ku Netherlands ndi anzake anasonyeza mu 2010 kuti kafukufuku wopereka manambala okwera a anthu a mu Africa ankasiyidwa popanda chifukwa chomveka. Mu 2020 bungwe la European Human Behaviour and Evolution Association linachenjeza ofufuza kuti asagwiritse ntchito manambalawo.

N'zoona kuti ana a m'mayiko osauka akapatsidwa mayeso a ku Ulaya amapeza manambala otsika. Kupinimbira, malungo, zaka zochepa za sukulu ndi chilendo cha mayesowo zikukwanira kufotokoza zimenezo, ndipo palibe umboni wa majini wosonyeza kuti mtundu wina wa anthu unabadwa wopepera.

Kuno kwathunso timamva zoti anthu a chigawo chakuti ndi anzeru chibadwire. Tiyang'ane kumene sukulu zinafika msanga. Amishoni a Livingstonia anatsegula sukulu zambiri kumpoto kwa Malawi, ndipo Robert Laws anayambitsa sukulu yapamwamba ku Khondowe mu 1894. Agogo wodziwa kuwerenga amalera mwana wodziwa kuwerenga, mdzukulu n'kukula akuona mabuku m'nyumba. Cholowa chimenecho n'chenicheni, koma chimayenda ndi choko ndi bolodi, ndipo boma lililonse likhoza kuchifikitsa kulikonse.

Amuna ndi anzeru kuposa akazi?

Ayi. Pa IQ yonse amuna ndi akazi amafanana. Pali kusiyana pang'ono pa timagawo tina, akazi patsogolo apa, amuna patsogolo apo. Mtsikana akamatsalira m'kalasi, funsani kuti amadzuka nthawi yanji kukatunga madzi ndipo amawerenga nthawi yanji.

Kodi wa IQ yokwera ndiye kuti zinthu zidzamuyendera?

IQ imalosera bwino ndithu za kukhoza kusukulu, imaloserako za ntchito ndi thanzi, koma imasiya mpata waukulu. Kuyambira mu 1921 Terman anasankha ana pafupifupi 1,500 a ku California a IQ yokwera kwambiri n'kuwatsata moyo wawo wonse. Ambiri zinawayendera, ena anakhala moyo wamba, ndipo palibe mmodzi yemwe analandira mphoto ya Nobel. Anyamata awiri amene anayesedwa n'kusiyidwa chifukwa nambala inaperewera, William Shockley ndi Luis Alvarez, anadzailandira pa sayansi. Khama, kudziletsa, kukhulupirika, kumva za ena ndi mwayi wa fizi sizilowa m'nambala ija. Komanso wakuthwa mutu amene samva uphungu amagwa ngati wina aliyense, paja nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi.

IQ ya munthu imasintha akamakula?

Ya mwana wamng'ono kwambiri siidalirika polosera zam'tsogolo. Kuyambira zaka za kupulayimale imayamba kukhazikika. Mu 1932 dziko la Scotland linayesa pafupifupi ana onse azaka 11, oposa 87,000. Patapita zaka zoposa 60, Ian Deary ndi anzake anapeza ena mwa iwo n'kuwapatsanso mayeso omwewo. Ambiri amene anali kutsogolo anali kutsogolobe, koma panalinso ochuluka amene anakwera kapena kutsika kwambiri. Kwa wamkulu, zimene zimawononga ubongo ndi kuthamanga kwa magazi kosasamalidwa, shuga, sitiroko, fodya, uchidakwa ndi kuvulala m'mutu. Wokwera kabaza wanjinga yamoto avale chipewa cholimba choteteza mutu.

Timayeso ta pa intaneti, masewera a ubongo ndi mankhwala a nzeru n'zothandiza?

Timayeso ta pa intaneti sitinayesedwe pa gulu lodziwika, ndipo tambiri timapereka nambala yokwera kuti mulipire satifiketi. Masewera a pa foni amakuphunzitsani masewera omwewo basi. Kampani ya masewera a Lumosity inalipira madola 2 miliyoni ku America mu 2016 chifukwa cholonjeza zimene inalibe nazo umboni. Zoti kumvetsera nyimbo za azungu zakale kumachenjeretsa khanda, kapena zoti timagwiritsa ntchito gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a ubongo, n'zabodza. Palibenso mankhwala, achikuda kapena achizungu, opatsa nzeru munthu wathanzi. Bawo ndi wabwino pa kuwerengera ndi kuona patali, seweranibe, koma tulo tokwanira ndi kudya m'mawa musanalembe mayeso zimathandiza moonekeratu.

Mwana wanga akutsalira m'kalasi. Ndimuyezetse IQ?

Musayambire pamenepo, ndipo chonde musamutche mbuli, kaya pamaso pake kaya kumbali. Yambani ndi zinthu zimene zimabisala. Kodi amaona bwino pa bolodi, kapena amatsinzinira ndi kukopera kwa mnzake? Kodi amamva bwino, makamaka ngati anadwalapo khutu lotuluka mafinya? Amapita kusukulu atadya? M'zikope ndi m'manja mwake simukuoneka moyera mosonyeza kuchepa kwa magazi? Anadwalapo malungo okomoka nawo? Pali mtundu wina wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti phee kwa kanthawi maso ali tong'o, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Aphunzitsi amayesa mwano kapena kugona, chonsecho mankhwala ake alipo. Funsaninso ngati pali womuvutitsa panjira kapena m'kalasi.

Ana ena ali ndi vuto la kuwerenga lokha: pakamwa amayankha bwino, masamu a pamtima amatha, koma zilembo zimawasokonekera. Amenewa nzeru zawo zili bwinobwino, amangofunika kuphunzitsidwa mwa njira ina ndi kupatsidwa nthawi. Ndipo ngakhale kumene mayeso a IQ alipo, dokotala sanena kuti mwana ali ndi ulumali wa ubongo chifukwa cha nambala yotsika kuposa 70 yokha. Amaonanso ngati mwanayo amatha kudzisamalira, kulankhulana ndi anthu ndi kuchita zimene anzake a msinkhu wake amachita pakhomo.

Yambani mwacheza ndi mphunzitsi wake, kenako mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuchipatala cha boma. Ku Malawi kuli aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo ahedi kapena mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu akhoza kukulozerani kumene kuli wapafupi. Popita tengani kabuku ka kusikelo ka mwanayo ndi makope ake a teremu yapita ndi ino, kuti okuthandizaniwo aone kakulidwe kake ndi pamene vuto linayambira.